Kwa mdzukulu wanga amene wabwera kunkhondo n'kuponyedwa kukampu yosaifuna

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, mdzukulu wanga. Anzako ena awiri andilemberanso mwezi uno, ndipo ngakhale aliyense walemba mwa njira yake, chikukupwetekani ndi chimodzi. Ndiyankha iwe, enawo amvere pomwepo.

Ukuti unakhala chaka chathunthu kumalo ankhondo, anzako awiri anafera komweko, ndipo pobwera sanakubwezere kugulu lako. Akusamutsira kukampu yakutali kumene sudziwa munthu, ntchito yake kulonda pageti, kuwerenga katundu ndi kupukuta jombo. Sajeni wa kumeneko sanamvepo fungo la wonga koma akukukalipira chifukwa cha batani la yunifomu. Tulo sitikubwera, mowa wayamba kukukomera, ndipo ukufunsa ngati ulembe kalata yosiya ntchito kapena ungonyamuka osatsanzika.

Usanyamuke osatsanzika. M'gulu lililonse lankhondo, kuchoka pantchito popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo ukakhalitsa kunja umasanduka mlandu wothawa usilikali, womwe umakathera kukhoti la asilikali. Chaka chonse chimene unapirira zipolopolo zikuwuluka chingafufutike ndi usiku umodzi, dzina lako ndi ndalama za popuma n'kupitira limodzi. Kalata yosiya ntchito ili ndi njira yake malinga ndi pangano limene unasaina, koma usailembe mwezi uno kapena wamawa. Tamva chifukwa chake.

Inenso ndinavalapo yunifomu, ndipo ndinabwerako kumene kunkalira mfuti. Pobwera ananditumiza kukampu ina yafumbi, ntchito yanga kuwerenga mabulangete ndi kulemba m'buku. Ndinkadana ndi chilichonse cha pamalopo, mphepo yake, lipenga lake la m'mawa, ngakhale utoto wa pakhoma. Tsiku lina masana mnyamata wina anamenyetsa chitseko cha lole kumbuyo kwanga. Ndinangopezeka ndili chafufumimba, dzanja likupapasa mfuti imene panalibe, buku lili uko, cholembera chili uko. Anyamata anaima kukamwa yasa. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi, mtima ukugunda mpaka m'makutu, ndipo madzulo ake ndinkauza aliyense kuti malo amenewa ndi otembereredwa. Kopolo wina wachikulire, amene anamenya nkhondo ine ndili mwana, anali pakona akusoka lamba wake. Osatukula n'komwe mutu anati, “Mwana iwe, ngakhale akutumize kukampu yokongola bwanji, chitseko chikamenyeka udzagwabe pansi. Chimene ukudana nacho wabwera nacho m'chikwama chako.” Ndinamukwiyira sabata yathunthu, osamupatsa moni. Koma bamboyo ankanena zoona.

Thupi la munthu amene wakhala miyezi yambiri pamalo oti imfa ikhoza kufika nthawi ina iliyonse limaphunzira kukhala tcheru. Timadzi tina ta m'thupi, timene madokotala amati adrenaline ndi cortisol, timathiridwa m'magazi kuti mtima uthamange, makutu amve ngakhale kuthyoka kwa kamtengo, tulo tikhale topepuka. Kumeneko zimenezi ndizo zinakusunga ndi moyo. Ndege inakubweza m'maola ochepa, koma thupi lako palibe analiuza kuti nkhondo yatha. Likadali kufunafuna mdani, ndipo likamusowa limangotola chimene chili pafupi, kaya ndi sajeni, kaya ndi geti, kaya ndi perete wa m'mawa. N'chifukwa chake batani limodzi likukutentha mtima ngati munthu wakulozetsa mfuti.

Zimenezi sizinayambe ndi iwe. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, asilikali ambiri ankabwera kuchokera m'ngalande akunjenjemera, ena osatha kulankhula, thupi lilibe bala. Mu 1915 dokotala wa ku Britain, Charles Myers, analemba za vutoli n'kulitcha shell shock, poti ambiri ankaganiza kuti kuphulika kwa mizinga ndiko kwagwedeza ubongo. Akuluakulu ena ankangoti ndi mantha. Gulu lankhondo la Britain linawombera asilikali ake omwe 306 pa milandu monga kuthawa nkhondo ndi mantha, ndipo boma linadzawakhululukira mu 2006, ana awo atakalamba kale. Dzina limene ukulimva lero lakuti PTSD, vuto la maganizo lobwera munthu akakumana ndi zoopsa zazikulu, linalowa m'buku la madokotala a zamaganizo ku America mu 1980, pambuyo pa nkhondo ya ku Vietnam, kumene msilikali ankachoka kunkhalango n'kupezeka kwawo m'masiku owerengeka, nthawi zambiri ali yekha. Ambiri a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anabwerera pa sitima zapamadzi, masiku ambiri ali limodzi ndi anzawo, akukambirana zimene anaona mpaka mtima kuyamba kutsika. Mayiko ena anatolapo phunziro. Asilikali a ku Canada ndi ku Britain ochokera ku Afghanistan ankayamba aima ku Cyprus asanakaone mabanja awo, a ku Canada masiku asanu, kuti apume ali ndi anzawo omwe anali nawo kumoto. Ku America anaona kuti msilikali amene wangotsika ndege amayankha kuti ali bwino, mavuto n'kudzatulukira pambuyo pake, ndipo kuyambira 2005 anayamba kuwafunsanso za umoyo wawo pakapita miyezi 3 mpaka 6. Iwe ukuti wakhala kukampuyo miyezi inayi. Werengera wekha.

Usandimve ngati ndikuti kampuyo ndi yabwino. Mwina ndi yoipadi, yakutali, nyumba zake zodontha, akuluakulu ake ouma mtima. Ndipo kupweteka kwakuti “ndataya magazi koma andiponya kuno ngati chiguduli” ndikukudziwa bwino. Koma amene amalemba mayina a osamutsidwa kawirikawiri amangoyang'ana pamene pali mpata wa munthu wa udindo wako ndi luso lako. Sakhala akupereka mphotho, sakhala akulanga. Ndimaona kuti ndi kulakwa kumwaza anthu amene anamenyera limodzi nkhondo atangofika kumene, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaletsa. Pakuti chimene chikukusowa kwambiri ndi anthu aja. Kumeneko unkadziwa kupuma kwa mnzako mumdima, unkadziwa kuti ukagwa wina akunyamula, ndipo chilichonse chimene unkachita chinali ndi tanthauzo chifukwa moyo wa munthu unkadalira pamenepo. Lero wazunguliridwa ndi anthu ovala ngati iwe koma osadziwa mayina a awiri aja. Umenewo ndi maliro, mdzukulu wanga, ndipo sunapatsidwe mpata wolira. Mwina usiku umadzifunsanso kuti bwanji ndatsala ine. Funso limenelo pafupifupi aliyense wobwerako amalisenza, ndipo silikusonyeza kuti unalakwa. Aimbire foni anzako a gulu lakale, osadikira kuti ayambe iwo, chifukwa nawonso akhala chete poganiza kuti iwe uli bwino. Mayina a awiriwo muziwatchula pokambirana.

Tsopano za sajeni. Apa ndikudzudzula pang'ono. Pali matenda ena amene amagwira obwera kunkhondo, oyamba kuona aliyense amene sanapiteko ngati mwana. Ndinadwalapo. Sajeniyo sanasankhe yekha kumene anamutumiza, monganso iwe sunasankhe kampuyi, ndipo ntchito ya kumbuyo ndi imene inkakufikitsira zipolopolo, mankhwala ndi makalata uli kutsogolo. Akakukalipira za batani, konza batanilo, imirira njo, yankha monga mwa lamulo. Sawasha amaperekedwa ku udindo, munthuyo umukonde kapena ayi. Ukamva magazi akukwera kumutu, manja akufumbata okha, tseka pakamwa, puma pang'onopang'ono mpaka akumasule, kenaka pita ukathamange. Mawu amodzi achipongwe kwa wamkulu, kapena chibakera chimodzi, chidzalembedwa m'fayilo yako, ndipo fayiloyo ndi imene idzawerengedwe tsiku limene udzapemphe kusamuka. Ngati akukuzunzadi mopitirira malamulo, njira yodandaulira ilipo, itsate ndi kalata, mutu uli wozizira.

Kupempha kusamutsidwa si tchimo. Lemba kudzera mwa akuluakulu ako motsatira ndondomeko, osadumpha munthu. Tchula zifukwa zogwirika, monga banja, thanzi, kapena maphunziro a usilikali amene ukufuna kukachita. Kungolemba kuti malowa sukuwakonda sikusuntha aliyense. Ukatero dikira, ndipo podikirapo ugwire ntchito ngati munthu amene adzakhalitse. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo msilikali sakalambira kampu imodzi.

Chimene chinandichiritsa ine pamalo paja ndi ichi. Kopolo uja, nditasiya kumukwiyira, anandipatsa anyamata asanu ongotuluka kumene kumaphunziro kuti ndiziwaonetsa kumanga bala. Ndinkawagoneka pansi mmodzimmodzi, kuwaphunzitsa kumanga mwendo pamwamba pa bala kuti magazi aleke, kenaka kuwamanga nsalu kumaso kuti achite zomwezo mumdima. Mmodzi anali ndi manja onjenjemera, ankalephera tsiku ndi tsiku. Tsiku limene anakhoza, anandiyang'ana maso ali mbee, ndipo usiku umenewo ndinagona mpaka lipenga, koyamba chibwerere. Zimene wabwera nazo kunkhondo zimakudya ukazisunga wekha, koma pali achinyamata pakampupo amene mawa adzatumizidwa kumene iwe wachoka. Pempha kuti uziwaphunzitsa. Usawasimbire nkhani zodzitama kapena zowaopseza. Aonetse zimene zimasunga moyo, kusamala mapazi, kumwa madzi, kuyang'ana nkhope ya mnzako ngati yasintha.

Za mowa ndilibe mawu okoma. Umakugwetsa msanga pabedi, koma umaswa tulo ta m'bandakucha, ndiye umadzuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, maloto aja atabwera ndi mphamvu zina. Mawa lake umafuna wochulukirapo. Ndaika m'manda anzanga amene chipolopolo chinawaphonya koma botolo silinawaphonye. Mapiritsi ogonetsa ogula mwamseri nawonso usawayandikire. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2013, linachenjeza kuti mankhwala a mtundu wa diazepam asamaperekedwe pofuna kuziziritsa mantha ndi kusowa tulo kwa munthu amene wangokumana ndi zoopsa. Thupi litopetse masana ndi kuthamanga, gona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi ngakhale tsiku lopuma, ndipo mavidiyo a nkhondo a pa foni uwasiye, makamaka usiku.

Ambiri obwera kunkhondo mtima umatsika wokha pakapita nthawi. Koma ngati padutsa mwezi ndi kupitirira ukulotabe zomwezo, zithunzi zikubwera masana ngati zikuchitika pompano, ukupewa anthu ndi malo, ukudzidzimuka ndi kalikonse, kapena mumtima mwangoti zii osamva chikondi kapena chisoni, pita kwa dokotala wa pakampu kapena kwa m'busa wa asilikali ukanene monga wandilembera ine. Kwa iwe miyezi yakwana kale, pita sabata ino. Chithandizo chokambirana ndi katswiri wa zamaganizo, chobwerera pang'onopang'ono pa zimene zinachitikazo mpaka zitasiya kuluma, chathandiza asilikali ambiri. Ndikudziwa mantha ako, akuti anzako adzati wafooka ndipo kukwezedwa kudzakuphonya. Amene ndinawaona akutaya ntchito ndi aja anabisa mpaka tsiku lomenya munthu kapena lopezeka ataledzera pageti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo ngati maganizo odzipha akufikira, ngakhale kamodzi, uza munthu tsiku lomwelo ndipo upemphe kuti akuchotse kaye pa ntchito yogwira mfuti. Mawu amenewa ndawalemba ndi mtima wanga wonse, chifukwa pageti usiku umakhala wekha ndi mfuti yodzaza.

M'kalata yako mkazi wako wamutchula kamodzi kokha, kuti mukaimbirana mumangokangana. Iyenso anamenya nkhondo yake chaka chonsecho, kudzidzimuka foni ikalira, kulera ana yekha, ndipo anadikira kuti mwamuna wake abwere, n'kulandira munthu wachete wokhala moyang'ana chitseko. Sukukakamizidwa kumufotokozera zonse zimene unaona. Koma muuze kuti sukugona, kuti ukakwiya msanga iye si wolakwa, ndiponso kuti wayamba kufuna thandizo. Akapanda kumva kwa iwe adzadzipezera yekha chifukwa, ndipo adzaganiza kuti wamutaya. Tchuthi chikapezeka pita kwanu, ndipo masiku oyambawo usafike ndi malamulo, nyumbayo yakhala ikuyenda iwe kulibe.

Ndipatse miyezi isanu ndi umodzi. Ukaonane ndi dokotala, uchepetse botolo, uimbire anzako, upemphe anyamata oti uziwaphunzitsa, ndipo kalata yopempha kusamuka ipite. Ikatha miyeziyo, tulo titabwerera, ngati udzafunebe kuvula yunifomu, ndidzakuthandiza ndekha kulemba kalatayo ndipo sindidzakunyoza. Pakadali pano ndilembere, undiuze mayina a anzako awiri anafera kunkhondo aja ndi mmene analili.