Mbuna zanga zikuphana m'thanki, ndichite chiyani?

Funso: Akonzi, ndili ndi malo ogona alendo ku Senga Bay, ndipo polandirira alendo ndinaikapo thanki yagalasi ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu. Ndinaikamo mbuna zisanu, koma imodzi yamizere yakuda imapirikitsa zinzake tsiku lonse, moti ziwiri zafa zipsepse zili zong'ambika. Kodi ndiichotse? Nanga ndingaphatikizemo utaka kapena nsomba zofiira zija za goldfish?
Mayi wa ku Salima

Yankho: Mayi, vuto lalikulu ndi thanki yanuyo, chifukwa pa miyeso mwatchulayi mumalowa malita 54 okha. M'nyanja, mwachitsanzo m'miyala ya pa zilumba za Maleri kapena Namalenje, mbuna yamphongo imadzipatulira mphako ndi matanthwe omwe imapalapo ndere, ndipo imalondera malowo ngati mwini munda amene akuopa kuti mnzake amudyera malire. Kunyanjako yogonja imathawira kutali nkhani n'kuthera pomwepo, pamene m'thanki imangogunda galasi n'kubwerera kwa adani ake. Mukaona nsomba ikukhalira pakona chakumtunda, mtundu utazilala ndipo sikudya, dziwani kuti yatsala pang'ono kufa.

Ngati mizere ya nsombayo ikuchokera kumutu kukafika kumchira, n'kutheka kuti ndi Melanochromis auratus, imodzi mwa mbuna zolusa kwambiri. Komabe kuichotsa kokha sikuthetsa nkhondo, popeza kawirikawiri yotsatira pa mphamvu imalowa ufumu mosakhalitsa. Ine ndikadakhala inu ndikanapangitsa thanki yosachepera masentimita 120 m'litali, 40 m'lifupi ndi 45 msinkhu, yomwe imatenga malita 216. Muonetsetse kutalika ndi kutambalala kwa pansi, pakuti mbuna zimalimbirana malo apansi, ndipo thanki yongotalika msinkhu siyiziwonjezera kothawira.

Pansipo thirani mchenga ndipo muunjike miyala yambiri mosiya mapanga, kuti nsomba ikakhota pang'ono isaonekenso kwa yoipirikitsa. Miyala yoyamba ikhale pagalasi penipeni mchenga usanathiridwe, chifukwa mbuna zimakumba ndipo zikhoza kugwetsa mulu wonse. Pa mtundu uliwonse sungani yamphongo imodzi ndi zazikazi zitatu kapena zinayi, makamaka chifukwa yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa pafupifupi milungu itatu osadya kwenikweni, ndiye ikakhala yokha imavutitsidwa mpaka kufooka. Pewaninso mitundu iwiri yofanana maonekedwe. Chimene ambiri amadabwa nacho n'chakuti m'thanki yaikulu mbuna khumi ndi ziwiri zimakhalitsana bwino kuposa zinayi, poti ukali umagawikana, koma izi zimafuna sefa yamphamvu, kusintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi mlungu uliwonse, komanso kapampu ka mpweya ka mabatire ka nthawi yomwe magetsi azima.

Za goldfish musayerekeze, chifukwa zimakonda madzi ozizirirapo pamene mbuna zimafuna madigiri 24 mpaka 28, ndiponso n'zochedwa kusambira moti zipsepse zake zingathe kulumidwa. Utaka ndi nsomba yoyenda m'magulu pamadzi otseguka ndipo chakudya chake n'chosiyana ndi cha mbuna, zomwe zimatupa mimba zikadyetsedwa zanyama zambiri, choncho ndi bwino kuupatsa thanki yakeyake. Ngati mukufuna zokopa maso a alendo popanda ndewu yambiri, yambani ndi Labidochromis caeruleus yachikasu ija, yomwe ndi yofatsa pakati pa mbuna.

Pogula nsomba zina, pitani kwa amene ali ndi chilolezo cha Dipatimenti ya Zausodzi. Zilumba za Maleri zili m'gulu la malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kugwira mbuna m'mphepete mwake n'kulakwira lamulo. Podikira thanki yatsopano, gawani yomwe muli nayoyo pakati ndi pulasitiki yobowolabowola kuti yolusayo ikhale mbali yake.