Tiyankheni: Makolo akayamba kuiwalaiwala, mawu omaliza ndi a yani?

Mafunso a mwezi uno ayankhidwa ndi anamwino, madokotala ndi alangizi a zosamalira anthu okalamba. Mayina a olemba makalata sitinawatchule.

FUNSO: Zikomo alangizi. Amayi anga ali ndi zaka 78 ndipo kwa zaka ziwiri akhala akuiwalaiwala. Amafunsa chinthu chimodzi kangapo, mphika amausiya pamoto mpaka kupserera. Amamwa mankhwala a BP ndi a shuga, koma masiku ano akumalavula, ati tikufuna kuwapha. Akananso opaleshoni ya ng'ala. Akulu anga akuti tizingosinja mapiritsi n'kuthira m'phala, za diso tingowanyamula. Kodi n'kulakwa? Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Mayi, tiyambe tadziwa chimene chavuta. Kuiwala kobwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka nthawi zambiri kumakhala matenda a ubongo otchedwa dementia, ndipo mtundu wake wofala ndi Alzheimer's. Koma ngati kukana mankhwalaku kwangoyamba mwadzidzidzi, sabata yatha anali bwino lero akubwebweta, musafulumire kunena kuti matenda akula. Wokalamba amasokonezeka mutu ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa kapena kutsika kwa shuga, ndipo zonsezi zimachizika. Apititseni kuchipatala tsiku lomwelo, mutatenga kabuku kawo ka kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala amene ali m'nyumba, ndi a zitsamba omwe.

Nzeru sizichoka zonse tsiku limodzi. Amayi angalephere kuwerenga ndalama koma n'kumadziwa bwinobwino kuti diso lawo safuna kuti likhudzidwe. N'chifukwa chake achipatala amayeza nkhani iliyonse payokha, pofunsa zinthu zinayi: kodi akumvetsa zimene awuzidwa, akutha kuzisunga m'mutu kwa kanthawi kokwanira kusankha, akutha kuyerekeza ubwino ndi kuipa kwake, ndipo akutha kunena chimene asankha, kaya ndi pakamwa kaya ndi mutu. Ku England ndi Wales mfundo zimenezi zili m'lamulo lawo la Mental Capacity Act la 2005. Inunso mukhoza kuyesa pakhomo. Sankhani m'mawa atadya, poti madzulo mutu umasokonezeka kwambiri. Wailesi izimitsidwe, alankhule munthu mmodzi amene amamukhulupirira, mawu ake akhale afupiafupi. Kenako amayi afotokoze okha zimene amva. Akati, "Ndikudziwa kuti ndikakana diso lizima, koma mpeni ndikuuopa," ameneyo ndi munthu wozindikira, ndipo kukana kwake kulemekezedwe ngakhale kukukupwetekani mtima. Akati, "Maso anga ali bwino, amene mukufuna kundigulitsa ndinu," pamenepo banja ndi dokotala ayenera kuwasankhira. Posankhapo musafunse chimene chikupepukira inu. Funsani chimene amayi akanasankha akanakhala monga kale, malinga ndi zimene ankanena, chipembedzo chawo ndi mmene ankachitira pa matenda a abale ena.

Kubisa mankhwala m'chakudya ndi njira yomalizira, ndipo musaiyambe panokha. Mapiritsi ambiri akasinjidwa amawawa. Amayi akalawa kuwawako adzatsimikiza kuti mukuwathiradi chiphe, ndipo adzakana ndi phala lomwe. Mapiritsi ena, monga nifedipine wopangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono, akasinjidwa mphamvu yonse imalowa nthawi imodzi, BP n'kugwa, munthu n'kukomoka. Glibenclamide wa shuga ndi woopsa kwa wokalamba amene sakudya mokwanira, chifukwa amatsitsa shuga mopitirira. Pemphani dokotala awunikenso mankhwala onse, achotse osafunikira kwenikweni, ndipo ngati n'kotheka otsalawo akhale omwa kamodzi patsiku. Akakana, musakangane nawo. Chokanipo, mubwerenso pakatha theka la ola, kapena awapatse mdzukulu amene amamukonda. Zikalephereka zonsezi ndipo dokotala wavomera kubisako, zilembedwe m'kabuku: mankhwala ati, chifukwa chake, ndi tsiku lodzaonanso.

Za kuwanyamula kupita nawo ku opaleshoni iwalani. Ng'ala amachotsa munthu ali maso, atangochititsa dzanzi diso, ndipo amafunika kugona osagwedezeka, kenako kudonthezedwa mankhwala kwa milungu ingapo. Wokokedwa sangachite zimenezo. Koma nkhaniyi musaitaye, popeza kuona bwino kumachepetsa kugwa ndi kusokonezeka. Pitani nawo kuchipatala cha maso ku Gulupu kukangoyezetsa, amve kwa dokotala, ndipo acheze ndi mnzawo amene anachitidwapo.

FUNSO: Abambo athu amadzuka usiku n'kumayenda. Tsiku lina anapezeka mbandakucha pakhomo pa eni ake asanavale bwino, ndipo m'mudzi ayamba kunong'ona za ufiti. Tsopano timawatsekera m'chipinda ndi loko, nthawi zina timawamanga mwendo ndi chitenje. Tichitenji? Bambo wa ku Mchinji.

YANKHO: Bambo, pali ngozi ziwiri apa, ndipo ya manong'onong'oyo ndiyo yofulumira. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa atanenedwa kuti ndi mfiti. Musadikire kuti mphekesera ikule. Katengeni kalata ya kuchipatala yonena za matenda a abambo, mupite nayo kwa amfumu pamodzi ndi mwini mbumba, ndipo mudziwitsenso akumpingo kapena akumzikiti. Anansi awuzidwe poyera kuti akawaona akuyenda awabweze mofatsa. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, choncho wina akayamba kuopseza, kanenani kupolisi ku ofesi ya Victim Support.

Kumanga lekani lero. Womangidwa amalimbana ndi chingwe, amatupa, amachita zilonda, miyendo imafooka, ndipo mkwiyo umakula. Kutsekera munthu yekha ndi loko nakonso n'koopsa: moto ukabuka kapena akagwa, palibe wowathandiza. Funani chimene chikuwadzutsa. Kawirikawiri ndi mkodzo, makamaka kwa abambo okalamba, kapena ululu, njala, kuzizira, mwinanso akuganiza kuti kwacha apite kudimba monga ankachitira kale. Masana asagone nthawi yaitali. Ayende ndi munthu padzuwa, apatsidwe kantchito monga kutonola chimanga. Tiyi wamasamba ndi mowa madzulo ayi. Asanagone apite kuchimbudzi, chidebe chikhale pafupi ndi mphasa, ndipo m'chipinda muziyaka nyale ya sola, osati kandulo kapena koloboyi. Wina azigona nawo, mosinthana. Pachitseko chakunja mangani belu kapena zitini, loko akhale pamenepo pomwe m'nyumba muli anthu ena. M'malaya awo sokereranimo kansalu kolembedwa dzina ndi nambala ya foni.

Mapiritsi ogonetsa ogula pamsika, monga diazepam, amawonjezera kusokonezeka ndi kugwa, ndipo wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno kawirikawiri sayendanso. Haloperidol ndi chlorpromazine amawonjezera ngozi ya sitiroko kwa odwala dementia, motero amaperekedwa ndi achipatala okha, pang'ono, kwa nthawi yochepa, pamene wodwala akudzivulaza kapena kuvulaza ena. Yambani mwaonana ndi namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma lanu. Ku Lilongwe kuli Bwaila ndi St John of God. Chipatala cha Zomba Mental n'chochizira, si malo okasiyako okalamba.

FUNSO: Ndili ku Johannesburg ndipo ndimatumiza ndalama zosamalira agogo. Ndamva kuti amalume akufuna agogowo adinde chala papepala logulitsa munda, ati ndalama zake zikhale za mankhwala. Agogo sakuzindikiranso ndi ana awo omwe. Mdzukulu wodandaula.

YANKHO: Chala cha munthu amene sakumvetsa chimene akudinda si chilolezo, ndipo khoti likhoza kuthetsa malonda otere. N'chimodzimodzi ndi wilo: lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti wolemba akhale woganiza bwino, pakhale ndi mboni ziwiri. Pemphani dokotala alembe mmene agogo alili, amfumu adziwitsidwe kuti mundawo usagulitsidwe banja lisanakhale pansi, ndipo funsani ku Legal Aid Bureau kapena ku ofesi ya zosamalira anthu ya pa boma za njira yovomerezeka yoyang'anira katundu wawo. Mwina amalumewo alibe mtima woipa, matenda aatali amadyadi ndalama. Ngati kugulitsa n'kofunikadi, ndalamazo ndi za agogo, zigwire ntchito pa iwo. Pakhale kope lolembamo zolowa ndi zotuluka, loyang'aniridwa ndi anthu awiri a mbali zosiyana, ndipo nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba isadziwike kwa mudzi wonse. Tiwonjezepo chimene simunafunse: kutumiza ndalama sikukupatsani mawu oposa a amene amasambitsa agogo ndi kuchapa zofunda zawo. Pa ndalama mukutumizazo patulani gawo la iyeyo, ndipo pezani womulandira masiku ena kuti apume.

FUNSO: Apongozi anga adwala matenda oiwalaiwala zaka zambiri. Pano sakuyenda, sakulankhula, akudya masipuni owerengeka n'kumatsamwa. Ena akuti tikawaikitse chubu chodyera, tikapanda kutero ndiye kuti tawapha ndi njala. Mayi wa ku Salima.

YANKHO: Mayi, achipatala aone kaye ngati palibe zilonda m'kamwa, dzino lowawa, kudzimbidwa kapena mankhwala owagonetsa. Ngati palibe, kulephera kumeza ndi mbali ya matendawa akafika kumapeto. Kafukufuku sanapeze kuti chubu chimatalikitsa moyo wa odwala dementia ofika pamenepa, kapena kuti chimaletsa chakudya kulowa m'mapapo. Wodwala amachizula, ndipo mapeto ake amamangidwa manja. Kusaika chubu si kuleka kudyetsa. Akhazikeni tsonga, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono. Apatseni phala lokhuthala bwino, nthochi kapena mbatata yofinya, ndi sipuni yaing'ono, kangapo patsiku. Zamadzimadzi ndizo zimatsamwitsa msanga. Dikirani ameze musanawonjezere, akatembenuza mutu lekani, ndipo akhalebe tsonga kwa theka la ola atadya. Osawathira madzi m'kamwa atagona chagada kapena akusinza. Pukutani m'kamwa ndi kansalu konyowa, pakani mafuta pamilomo, atembenuzeni maola awiri alionse kuti asachite zilonda. Itanani abale onse, ndi akutali omwe pa foni, amve kwa namwino mmodzi nthawi imodzi, kuti mawa wina asadzalozedwe chala. Kwanuko kuli Ndi Moyo, amene amathandiza odwala matenda osachiritsika. Afunseni za mankhwala ochepetsa ululu ndi za kasamalidwe ka pakhomo.