Mapepala a Patrick White sanapse onse

Achimwene, mwafunsa ngati ndi zoona kuti Patrick White, mlembi wa mabuku wa ku Australia, anaotcha zolemba zake zonse. Ayi ndithu. Mkuluyu ankauza anthu kuti palibe chomwe amasunga, ndipo mu wilo yake analamula kuti zotsala ziotchedwe, koma atamwalira mu 1990 ejenti wake wa za mabuku Barbara Mobbs mtima sunamulole, anangozisunga phee mpaka 2006 pomwe National Library of Australia ku Canberra inagula mabokosi oposa 30, muli makope a manotsi, makalata, zithunzi, ngakhale timapepala ta kaphikidwe ka zakudya. Buku lake lina lomwe sanamalize, The Hanging Garden, linachokera momwemo nkutuluka mu 2012. Ine mayiwa ndimawayamikira heve, munthu woti anawina mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 1973 zolemba pamanja zake kungothera pamoto zikanandiwawa kwambiri.