Mphuno Yotsekeka kwa Miyezi 8: Kodi Nditaye Matiresi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mulanje, mphunzitsi wa kupulayimale, amene anandilola kuyankha funso lawo poyera bola ndisatchule dzina. Mwachidule, analemba kuti kwa miyezi 8 tsopano mphuno yawo ndi yotsekeka, makamaka usiku ndi m'mawa. Akadzuka amayetsemula kakhumi kapena kuposerapo, maso amayabwa, ndipo pakhosi pamauma gwa chifukwa amagona akupumira m'kamwa. Amwapo amoxicillin kawiri koma sanaone kusintha, Piriton amawagoneka masana m'kalasi, ndipo kwa miyezi inayi akhala akudalira kabotolo ka mankhwala odontheza m'mphuno kamene anagula kufamase, kamene poyamba kankawatsegula usiku wonse koma lero kamangogwira kwa maola atatu. Mnzawo wina anawauza kuti mwina akuwengedwa ndi tizilombo tokhala m'zofunda, choncho funso lawo ndi lakuti: kodi ataye matiresi n'kugula ena, kapena apopere chipinda chonse mankhwala ophera tizilombo?

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani ndi vutoli, pakuti munthu amene sanachezerepo usiku akusinthasintha mbali kuti mphuno imodzi itseguke amaliona ngati laling'ono. Mwandifunsa za matiresi, koma ndiloleni ndiyambe ndi kabotolo kaja, chifukwa pa zonse zimene mwafotokoza, ndi komwe kandidetsa nkhawa kwambiri.

Ambiri timaganiza kuti mphuno imatsekeka chifukwa chodzadza mamina, n'chifukwa chake timamina mwamphamvu mpaka makutu kulira, koma n'kupeza kuti palibe chatuluka. Kawirikawiri chotseka mphuno ndi kutupa. M'kati mwa mphuno muli timinofu topindika todzala ndi timitsempha ta magazi, timene timafufuma ndi kuphwa monga siponji. Ngakhale mwa munthu wabwinobwino, mbali imodzi imafufuma pang'ono kwa maola angapo kenako n'kusinthana ndi inzake, ndipo munthu akagona pansi magazi amachuluka kumutu, timinofu tija n'kufufuma moonjezera. Mankhwala odontheza kapena opopera okhala ndi xylometazoline kapena oxymetazoline amafinya timitsempha timeneti, ndipo m'mphindi zochepa munthu amapuma ngati wabadwa kwatsopano. Vuto ndi lakuti mukawagwiritsa ntchito kupitirira masiku 5 mpaka 7, timitsempha tija timazolowera, moti mphamvu ya mankhwala ikangotha, mphuno imatupa kuposa poyamba, inu n'kudonthezanso. Werengani pa kabotolo kanu. Mukapeza limodzi mwa mayina awiriwa, dziwani kuti pa miyezi inayi imeneyi gawo lalikulu la kutsekeka kwanu likuchokera ku mankhwala omwewo, ndipo ngakhale mutagula matiresi atsopano mawa, mphuno sidzatseguka mpaka mutawasiya. Ena amasiya kamodzin'kamodzi n'kupirira sabata imodzi kapena ziwiri zowawa. Ena amayamba asiya mbali imodzi ya mphuno, ikachira n'kusiyanso inayo. Njira yachiwiriyi imalola munthu kugonako pang'ono, ndipo ndi imene ndingalimbikitse munthu woti m'mawa akaimirire pamaso pa ana.

Tsopano za tizilombo timene mnzanu anatchula. Angerezi amatitcha dust mites, ndipo pano nditi nthata za m'fumbi. Si nsikidzi, si utitiri, ndipo siziluma. Zili pachibale ndi akangaude ndi nkhupakupa, zili ndi miyendo 8, ndipo kukula kwake sikufika ngakhale theka la milimita, moti simungazione ndi maso. Zimadya timamba ta khungu timene timayoyoka m'thupi mwathu tsiku lililonse, n'chifukwa chake zimakonda matiresi, mapilo, mabulangete, mipando ya nsalu ndi makapeti. Kupezeka kwake si chizindikiro cha uve. Zimakhala m'nyumba zosamalidwa bwino padziko lonse. Kwa zaka zambiri madokotala ankadziwa kuti fumbi la m'nyumba limawenga anthu ena koma osadziwa chenicheni chili m'fumbimo, mpaka mu 1964 pamene Reindert Voorhorst ndi anzake ku Leiden, m'dziko la Netherlands, anaonetsa kuti ndi nthatazi. Chimene chimawenga kwambiri ndi ndowe zake, timibulu tating'onoting'ono timene nthata imodzi imatulutsa pafupifupi 20 patsiku. Timibuluti ndi tolemerera, sitiuluka nthawi yaitali. Timadzuka mukakutumula bulangete kapena mukasesa, kenako n'kukhazikikanso. Choncho malo amene munthu amatipuma kwambiri ndi pamene mphuno yake yagunda pilo kwa maola 7 kapena 8.

Pali chinthu chimodzi chokhudza nthatazi chimene chikugwirizana ndi kumene mukukhala. Sizimwa madzi, zimayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo zimaswana bwino chinyezicho chikapitirira 70 peresenti, pamene chikatsika pansi pa 50 peresenti zimauma n'kufa. Mulanje ndi limodzi mwa madera amene amalandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo ngakhale dzinja litatha kumabwera chiperoni, nthawi imene timatseka mawindo ndi kutulutsa mabulangete amene akhala m'sutikesi chichokereni chaka chatha. Ine ndimakumbukira fungo la bulangete lotere mu June, ndi momwe fumbi lake limaonekera likuvina m'kuwala kolowera pawindo munthu akangolitambasula. Nthata zikafa, ndowe zake zimatsala ndipo zimawengabe kwa miyezi yambiri.

Kodi ndiye kuti mnzanu walondola? Zizindikiro zanu zikuloza komweko: kuyetsemula motsatizana podzuka, kuyabwa kwa maso, ndi vuto losasankha nyengo. Komabe musathamangire kugamula, pakuti m'nyumba zathu muli zina zimene zimachita zofanana. Mphemvu zimawenga, chuku cha pakhoma lonyowa chimawenga, mphaka nayenso amawenga. Palinso zinthu zimene siziwenga koma zimangopsetsa mphuno, monga utsi wa mbaula ndi nkhuni, koyilo ya udzudzu, mafuta onunkhira, utsi wa tchire lotenthedwa mu September ndi October, ndiponso, kwa inu, fumbi la choko. Kusiyana kwake kumaoneka pa kuyabwa: zongopsetsa zimatseka mphuno ndi kutulutsa mamina, koma kawirikawiri siziyabwitsa maso ndi m'kamwa. Tengani kope laling'ono ndipo kwa masabata atatu muzilemba nthawi imene mphuno yavuta, malo amene munali, ndi chimene mumachita. Onetsetsani ngati mumapeza bwino mukakhala panja tsiku lonse, ngati mumavutika poyala pabedi, ndi zimene zimachitika patchuthi pamene simugwira choko. Kuyeza kotsimikizira kulipo: amadontheza timadzi ta zinthu zowenga pamkono n'kubaya pang'ono, ndipo pakatha mphindi 15 amaona ngati patupa, kapena amayeza magazi. Kuyezaku sikupezeka m'zipatala zing'onozing'ono zambiri, ndipo ngakhale kumene kulipo, dokotala wabwino amakuwerenga pamodzi ndi mbiri ya wodwala. Kope lanu lija lingamuuze zambiri.

Pa nkhani ya mankhwala, amoxicillin sakanakuthandizani, chifukwa amapha mabakiteriya pamene chiwengo si matenda a mabakiteriya. Chonde musamwenso kachitatu popanda dokotala kuona chifukwa chake. Piriton amachepetsa kuyetsemula ndi kuyabwa koma amagoneka, ndipo cetirizine kapena loratadine amagwira ntchito yomweyo popanda tulo tambiri. Komatu mapiritsi onsewa ndi ofooka pa kutsekeka kwenikweniko. Chimene chimaphwetsa kutupa ndi mankhwala opopera m'mphuno a mtundu wa steroid, monga beclomethasone, fluticasone kapena mometasone. Anthu ambiri amawataya pakatha masiku atatu n'kumati ndi osagwira, chifukwa amayembekezera kuti atsegule mphuno nthawi yomweyo monga kabotolo kaja. Awa amagwira pang'onopang'ono, mphamvu yake yonse imaoneka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo amafuna kupopera tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene mukupuma bwino. Amathandizanso kwambiri pa nthawi yosiya odontheza aja.

Kapoperedwe kake n'kofunika monga mankhwala enieniwo. Yambani mwamina pang'ono, gwedezani botolo, ndipo weramitsani mutu ngati mukuyang'ana zala za kumapazi. Gwirani botolo ndi dzanja lamanja popopera mphuno yakumanzere, ndi lamanzere popopera yakumanja, kuti kamlomo kake kaloze kunja, chakukhutu, osati pa chichereŵechereŵe chapakati chimene chimachedwa kuchira chikachita bala ndipo chimatulutsa magazi. Musakoke mpweya mwamphamvu. Mukamva kuwawa kwa mankhwala kukhosi, ndiye kuti apitirira pamene amafunika. Chenjezo limodzi limene silitchulidwa kawirikawiri ndi ili: munthu amene amamwa ma ARV okhala ndi ritonavir auze dokotala asanayambe, chifukwa ritonavir amachititsa kuti fluticasone ndi ena otere achulukane m'magazi, ndipo kwa munthu wotere nthawi zambiri amasankha beclomethasone. Amene ali ndi BP asamalenso ndi mapiritsi a chimfine okhala ndi pseudoephedrine, pakuti amakweza kuthamanga kwa magazi.

Chotsika mtengo koposa zonse ndi madzi a mchere. Wiritsani theka la lita ya madzi, asiyeni azizire mpaka akhale ofunda pang'ono, thiranimo supuni yaing'ono yosadzadza ya mchere ndi kasoda pang'ono, kenako tsukani m'mphuno ndi sirinji yopanda singano mutaweramira pabeseni, mukupumira m'kamwa. Madziwo akhale owiritsa nthawi zonse, osati ongotunga pampopi kapena pachitsime, ndipo muzikonza atsopano tsiku lililonse. Mukatsuka kaye musanapopere, mankhwala amagwera pa mnofu osati pa mamina.

Tifike tsopano pa matiresi anu. Musawataye. Atsopano nawonso amadzalowedwa ndi nthata m'miyezi yochepa chabe, ndalama zanu zitapita. Mankhwala opopera ophera udzudzu ndi mphemvu safika m'kati mwa siponji, sachotsa ndowe zimene zilimo kale, ndipo fungo lake lidzangoonjezera kutupa. Ndikuuzeninso chilungamo pa zophimbira matiresi zapadera zimene zimatamandidwa pa intaneti: kafukufuku wa ku Netherlands amene anafalitsidwa mu 2003 anapeza kuti zophimbirazo zinachepetsadi ndowe za nthata pamatiresi, koma odwala chimfine cha chiwengo amene anazigwiritsa ntchito sanapeze bwino kuposa anzawo. Chinthu chimodzi pachokha sichikwanira. Chimene chingathandize ndi zinthu zingapo zochitira pamodzi, kuchipinda chogona, mosadumphitsa.

Zoyala pabedi ndi nsalu za mapilo zichapidwe sabata iliyonse. Madzi otentha kufika madigiri 60 amapha nthata, choncho ziviikeni kaye m'beseni la madzi otentha kwambiri, azizireko musanapisemo manja. Ngakhale madzi ozizira amachotsa ndowe zambiri, ndipo simbi yotentha imamaliza zotsalazo. Mabulangete, makamaka ochokera m'sutikesi kapena pakaunjika, achapidwe asanafundidwe. Tsiku la dzuwa lamphamvu, matiresi ndi mapilo atulutsidwe kwa maola angapo, kutembenuza mbali zonse, kenako apunthidwe, koma wopuntha akhale wina, kapena inu mutavala masiki. Ngati mungapirire kutentha kwake, kukuta matiresi ndi pulasitiki yolimba ngati a kuchipatala n'kuyalapo nsalu yokhuthala kumatsekera zonse m'kati pamtengo wochepa. Ngati pali choti mugule chatsopano, gulani pilo. Pansi muzikolopa m'malo mosesa pouma, ndipo mukatha tulukani kwa theka la ola fumbi likhazikike. Chotsani kapeti, masutikesi a pansi pa bedi ndi zovala zopachika pachingwe m'chipinda, musayanikemo zonyowa, ndipo tsegulani mawindo masana kukakhala kouma. Neti yokha musaichotse poganiza kuti ndi imene imasunga fumbi. Malungo ndi oopsa kuposa mphuno yotsekeka. Ichapeni mofatsa ndi madzi ozizira ndi sopo wamba, n'kuiyanika pamthunzi kuti mankhwala ake asathe mphamvu.

Kumayiko ena kuli chithandizo chozoloweretsa thupi, chimene wodwala amaika piritsi la zowenga za nthata pansi pa lilime tsiku lililonse kwa zaka pafupifupi zitatu, koma ndi chodula ndipo chimaganiziridwa pokhapokha zina zonsezi zitalephera.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira kope kapena madzi a mchere. Ngati mphuno yotsekeka ndi ya mbali imodzi yokha nthawi zonse, ngati mamina akutuluka ndi magazi mobwerezabwereza, ngati mwasiya kumva fungo, kapena nkhope ikuwawa ndipo kuzungulira diso kwatupa, pitani kuchipatala msanga, chifukwa mwina m'mphuno mwamera tinyama, kapena chichereŵechereŵe chapakati ndi chokhota, kapena pali china chofunika kuchiona ndi zipangizo. Chimodzimodzinso ngati mumatsokomola usiku, m'chifuwa mukulira kapena mukubanika pokwera chitunda, pakuti chimfine cha chiwengo ndi mphumu zimayendera limodzi kawirikawiri. Ndipo popeza mumagwira ntchito ndi ana, mukaona mwana akutuluka mamina onunkha mbali imodzi yokha, ganizirani za njere ya chimanga kapena mkanda umene anaulowetsa, ndipo musayese kuutulutsa nokha.

Sabata ino pitani kuchipatala cha boma kapena kwa dokotala amene mumamudalira mutatenga kabotolo kaja m'manja, muwauze miyezi imene mwakagwiritsa ntchito, ndipo mufunse za opopera a steroid. Mukawapopera molondola tsiku lililonse kwa masabata anayi, mutasiya odontheza aja, koma mphuno n'kukhalabe momwemo, pemphani kalata yokutumizani kwa akatswiri a makutu, mphuno ndi pakhosi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kope lija mukalitenge.