Maulendo okaphunzira zaumoyo kunjawa, phindu lake lili pati?

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera imelo: "Akuluakulu a zaumoyo sakutha phazi ku Rwanda, akuti kukaphunzira, koma ife mankhwala tikugulabe ku famase. Phindu lake n'chiyani?"

Mayi, funso lanuli landilasa mtima. Chaka chatha ndinaperekeza azakhali anga odwala BP ku chipatala china chaching'ono mumzinda muno. Tinalawirira kusanache, n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa kufika paliwombo, buku la kuchipatala lili m'manja. Pawindo anatiuza kuti mankhwalawo atha, tikagule. Namwino amene anatiperekeza panja anandinong'oneza kuti amadziwa nthawi imene mankhwalawa amatha, ndi chifukwa chake. Koma ndani amamufunsa? Ndege amakwera ndi ena.

Kuphunzirana sindikukukana ayi. Thailand inafikitsa chithandizo kwa pafupifupi aliyense mu 2002, wodwala n'kumalipira ma baht (ndalama ya kumeneko) 30 okha. Ghana inakhazikitsa inshulansi ya dziko lonse mu 2003. Rwanda ili ndi Mutuelle de Santé, inshulansi ya zaumoyo imene anthu amasonkha kumudzi komwe. Zonsezi n'zoyenera kukaziona. Chimene ndikukanitsitsa n'chakuti munthu mmodzi akaone, alandire alawansi, lipoti n'kulitsekera mu kabati. Dziko limaphunzira pamene namwino, mlangizi wa zaumoyo ndi wosunga mankhwala akhala pamodzi, kuyesa chinthu, kuona pamene chavuta, n'kukonza.

Ndipo tisamadzione ngati ongolandira nzeru. Mu 2011 Malawi inayamba Option B+: mayi woyembekezera aliyense wopezeka ndi HIV ayambe ma ARV moyo wake wonse, osadikira kuyeza CD4 (mlingo wa chitetezo cha m'thupi), poti makina ake anali ochepa. Mayiko ambiri anatengera kwa ife, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO n'kuvomereza. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anayesedwa pa Queens pompano, mogwirizana ndi Rice University ya ku America. Nzeruzi zinabadwira pa kusowa kwathu.

Za ndalama ndiye musandiyambitse. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma okwaniritsa n'ngowerengeka.

Ndiye mutani?

Fufuzani komiti ya chipatala chanu, imakhala ndi anthu a m'dera. Muziwafunsa tsiku limene mankhwala afika ndi limene atha, muzilemba m'kope. Kopelo mupite nalo kwa khansala, ndipo mumufunsenso lipoti la ulendo wa ku Rwanda uja.