Njinga, hatchi kapena wapansi: yankho kwa achimwene a ku Chilomoni

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni. Akuti agula njinga ya magiya pa kaunjika ndipo akufuna kudzaiyesa kuno ku Zomba, atatenga mayi a kunyumba ndi ana awiri. Akufunsa ngati paphiri la Zomba pali njira yoti iwo azipalasa, mayi ndi ana akuyenda pansi, mwinanso anawo akwereko hatchi.

Achimwene, njira ilipo, ndi ya m'chigwa cha Mulunguzi pamwamba pa phiri. Koma tsiku loyamba njingayo muisiye kaye, muyende limodzi ndi banja. Yambirani pa hotela ya Ku Chawe, mutsikire ku damu la Mulunguzi, komwe kumachokera madzi amene timamwa m'tauni muno. Mukatero muzingotsata mtsinje chokwera. Mudzafika pa mathithi a Mandala, kenako pa maiwe a nsomba za trout, mpaka ku mathithi a Williams. Ana amakwanitsa bwinobwino, bola muwagulire masitiroberi kapena mabulosi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Mtengo woyamba umene angakuuzeni musavomere msanga, nenererani.

Kanjira ka m'mphepete mwa mtsinjeka ndi kopapatiza, kali ndi mizu ndi miyala yoterera. Njinga yanu idzasangalala m'misewu yadothi ya Forestry yozungulira phirili. Msewu umodzi umakafika ku Queen's View, dzina lokumbukira ulendo wa amayi a Mfumukazi ya ku Britain mu 1957, ndi ku Emperor's View, pomwe anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Kukayera mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje ili apo. Msewu wina umalowera ku Dzenje la Chingwe, koma kumeneko nkutali, nyamulani madzi, pampu ndi zigamba. Phirili msonga yake imapitirira mamita 2,000, ndiye musadabwe mukayamba wefuwefu pa chitunda chooneka chaching'ono.

Pamene ndikufuna mumvetsetse ndi pa mabuleki. Njinga za pa kaunjika zimabwera zonyezimira koma malabala a mabuleki atatha. Ine inandigwetsapo m'mwezi wa Julayi, kuli nkhungu yoti suona mtengo uli patsogolo. Masamba a paini anali atayalana pamsewu ngati mphasa, ndipo nditagwira buleki yakutsogolo pakona, tayala linangoti see, ine uyo m'ngalande, bondo litasupuka. Amene anandidzutsa ndi bambo wina wotsika ndi nkhuni, atasanja mtolo wotalika kuposa iye mwini pa njinga yopanda magiya. Anayang'ana njinga yanga, nkundiyang'ana ine, nkungoti, "Pepani bwana, kuno timatsika chokankha."

Anthu amenewa mudzakumana nawo ambiri, pamodzi ndi amayi osenza nkhuni ndi anyamata onyamula matabwa pamutu. Inu mwabwera kudzapitidwa mphepo, iwo ali pantchito, ndipo munthu wosenza thabwa sangatembenuke msanga. Mukawaona patukani ndinu, muwapatse moni adutse.

Za hatchi, musangotulukira. Funsiranitu kumalo kumene mukagone ngati hatchi zilipo, akulumikizeni ndi eni khola, ndipo ana akwere pali wowatsogolera. Inuyo ndi njinga yanu musadzere kumbuyo kwa hatchi mwakachetechete. Hatchi ndi nyama yamantha, ikadzidzimuka imatha kuponya mwana pansi kapena kukumenyani theche. Imani patali, lankhulani kuti ikumveni, idutse kaye.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, koma tengani majuzi, kumtundako kumazizira zedi. Nthawi ya mvula misewu imasanduka phala. Seputembala ndi Okutobala kumakhala fumbi ndi moto wolusa, ndipo mudzaona nokha mmene mbali zina zayerera, mitengo itatha. Zimandiwawa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Wina akakuuzani za Potato Path, njira yachidule yochokera m'tauni imene anthu ankatsikira ndi mbatatesi popita kumsika, imeneyo ndi ya miyendo basi. Mukaumirira kupita ndi njinga, idzakwera ndi iyo pa phewa panu.