Musanagule kompyuta ina, yambani mwaitula katundu After Effects

Achimwene, mwafunsa ngati mugule kompyuta ina, poti kanema wamalonda wa masekondi 30 amene mukupanga wafika ma layer mazanamazana, After Effects (pulogalamu yopangira makanema a zithunzi zoyenda) ikungokwawa, kasitomala nayenso sakutha kusintha maganizo. Ine ndikuti ndalamayo iyambe yakhala m'thumba. Laputopu ya 16GB ya RAM imaitha ntchito yotereyi, bola musamaiwerengetse mobwerezabwereza zinthu zimene munamaliza kale.

Taonani masamu ake. Felemu imodzi ya 1920 x 1080 ili ndi ma pixel 2,073,600, ndipo pa 8 bpc (muyeso wa kuya kwa mitundu) imadya pafupifupi 8MB mu RAM. Pa mafelemu 25 pa sekondi, masekondi 30 ndi mafelemu 750, ndiye preview yathunthu yokha yadya kale 6GB. Mukakwezera pulojekiti pa 32 bpc chifukwa cha glow imodzi, kuchulukitsa kanayi, 24GB, kuposa RAM yonse imene muli nayo. Apa sitinawerengere ma precomp a m'katimo (comp ndi gulu la ma layer, precomp ndi comp yoikidwa m'kati mwa inzake), omwe nawonso amafuna malo awo. Choncho onani kaye pansi pa Project panel. Ngati palembedwa 32 bpc popanda chifukwa chenicheni, tsikirani pa 16 kapena pa 8.

Chachikulu koposa ndi ichi: chimene kasitomala wavomereza, chipangeni render (chisanduke kanema womalizidwa), chichoke pamoto. Background yokhala ndi particles, blur ndi noise, imene simunaikhudze kuyambira sabata yatha, ikuwerengedwabe nthawi iliyonse cache (mafelemu amene kompyuta inawerengera kale n'kusunga) ikafufutika. Kumeneko ndi kubwerera ndi ufa kuchigayo. Dinani precomp ya background imeneyo ndi batani lakumanja la mouse mu Project panel, sankhani Create Proxy (proxy ndi kanema woimira precomp), kenako Movie, muitulutse mu ProRes 4444 kapena PNG sequence kuti alpha (mbali zoonetsa zakuseri) isatayike. Pambali pa dzina lake paoneka kabokosi. Kakayaka, After Effects ikuwerenga kanema wopsa kale uja, mukakazimitsa ma layer anu onse abwerera mmene analili. Ine ndimakonda njira imeneyi kuposa kulowetsa kanemayo m'malo mwa precomp, chifukwa kasitomala akadzati "kamtambo kaja kasunthe pang'ono", simuyamba kusakasaka kuti choyambirira chili kuti. Ngati proxy yanu munaitulutsa pa quality yonse, pa render yomaliza mu Render Settings sankhani Use Comp Proxies Only. Mukasiya pa Best Settings, ma proxy aja sagwiritsidwa ntchito ndipo zonse ziwerengedwanso kuyambira pachiyambi.

Koma izi zimatheka pokhapokha pulojekiti ikhale yogawidwa bwino. Shot iliyonse ikhale ndi comp yake, maina ake SH010, SH020, SH030. Kudumpha khumikhumi n'kwadala, kuti ikadzalowa ina pakati muitche SH015 osasokoneza zinazo. Comp yaikulu isakhale ndi effect ngakhale imodzi, mungoikamo ma shot ndi mawu basi. Ntchito ikapitirira mphindi ziwiri kapena zitatu, kapena mukugwira anthu awiri, gawo lililonse likhale ndi fayilo yakeyake. Sankhani comp ya gawolo, pitani ku File, Dependencies, Reduce Project, musunge ndi dzina lina. Chenjerani apa, chifukwa comp imene ikungotchulidwa mu expression (kachidutswa ka code kolamulira layer) mokha imatha kufufutidwa nawo, ndiye muisankhire limodzi.

Zosintha za kasitomala nthawi zambiri zimakhala zomwezomwezo: mtundu, mtengo, nambala ya foni, tsiku lotsekera promotion. Zimenezi zisamwazikane m'ma comp 20. Pangani comp imodzi, muikemo null (layer yosaoneka) yokhala ndi Color Control pamodzi ndi ma text layer a mtengo ndi nambala, kwina konse mulumikize ndi pick whip (kachingwe kokoka kolumikizira ma layer). Mtengo ukasintha usiku wa Lachisanu, mukonza pamalo amodzi. Ma lower third (timayina tooneka m'munsi mwa kanema) ofanana amene akungosiyana dzina la munthu, gwiritsani Essential Properties (njira yosinthira mawu a precomp imodzi paliponse pamene mwaiika) m'malo mochita duplicate precomp kakhumi.

Zimene makasitomala amatumiza nazonso zimalemetsa. Kanema wa pafoni amabwera mu H.264 kapena HEVC, ofinyidwa kwambiri, moti kuti kompyuta ionetse felemu imodzi imayenera kumasula ndi zoyandikana nazo. Mafoni ambiri amajambulanso ndi frame rate yosinthasintha, mawu n'kumatsalira m'mbuyo. Musanalowetse, asinthireni ku ProRes 422 kapena DNxHR mu Media Encoder. Mafayilo akula, inde, koma timeline ipepuka. Chithunzi cha ma pixel 6000 m'lifupi chimene chikaoneke kakang'ono pakona, chichepetseni kaye mu Photoshop. Za logo yobwera pa WhatsApp sindiyankhulapo zambiri, ingopemphani ya vector.

Pogwira ntchito resolution ya preview ikhale pa Half, imene imawerenga gawo limodzi mwa magawo anayi a ma pixel. Disk cache ikhale pa SSD, osati pa external ya mbale zozungulira. Caps Lock ikayaka chithunzi chimasiya kudzikonza, mutha kusuntha ma keyframe ambiri osadikira.

Popeza magetsi kwathu kuno sapangana, render yaitali musamaitulutse molunjika ku MP4. Akazima muli pa felemu 600, fayiloyo sitsekuka, mwataya zonse. Tulutsani image sequence (felemu iliyonse fayilo yakeyake), mudzangopitiriza pa 601, kenako muiphatikize ndi mawu mu Media Encoder, zomwe sizichedwa. Musanasinthe chachikulu chilichonse dinani Increment and Save. Popereka ntchito kwa mnzanu gwiritsani Collect Files, koma dziwani kuti ma font ndi ma plugin satengedwa nawo, amangolembedwa mu lipoti.

Mukachita zonsezi koma ikukwawabe, makamaka ngati mwayamba kulandira ntchito za 4K, zomwe felemu yake ndi kanayi ya 1080, pamenepo ndiye gulani. Yambani ndi RAM, ifike 32GB ngati laputopuyo imalola kuwonjezera. Multi-Frame Rendering, imene inabwera mu 2021, imagwiritsa ma core angapo nthawi imodzi, koma felemu iliyonse imene ikuwerengedwa imafuna RAM yake, choncho purosesa yamphamvu pa 16GB siikupatsani liwiro lonse limene mwalipira.